Arthur Ashe ndi Mabwalo a Tenisi

PHUNZIRO LA KUWERENGA NDI KUKAMBIRANA

Mpira wamiyendo tonse timaudziwa. Ana athu amausewera madzulo aliwonse, ngakhale ndi mpira wansanza. Lero tiwerenga za masewera ena amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso. Dzina lake ndi tenisi. Tiwerenganso za munthu wakuda wa ku America, dzina lake Arthur Ashe. Iye ali mwana, mabwalo ambiri a tenisi a mumzinda wa kwawo anali otsekedwa kwa iye chifukwa cha khungu lake. Lero bwalo la tenisi lalikulu koposa onse padziko lapansi limatchedwa ndi dzina lake. Tiyeni tione njira imene anayenda.

Gawo lililonse aliwerenge munthu mmodzi mokweza, enafe tikutsatira ndi chala. Maina achilendo asatiopse. Tiwatchula pamodzi, kawiri kapena katatu, mpaka lilime lizolowere.

1. TENISI NDI MASEWERA OTANI?

Tenisi amasewera anthu awiri, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Nthawi zina amasewera anthu anayi, awiriawiri. Bwalo lake ndi laling'ono poliyerekeza ndi la mpira wamiyendo. M'litali ndi mamita pafupifupi 24. M'lifupi ndi mamita 8 ndi pang'ono, akamasewera anthu awiri. Pakati pa bwalo amamanga ukonde wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Malire a bwalo amawalemba ndi mizere yoyera.

Mpira wake ndi waung'ono ngati lalanje, wopepuka, waubweya. Saumenya ndi phazi. Amaumenya ndi chomenyera chotchedwa raketi. Raketi ili ndi chigwiriro chonga cha mthiko. Kumutu kwake ndi kozungulira, kolukidwa ndi zingwe zolimba ngati sefa. Kale maraketi anali amtengo. Masiku ano amawapanga kufakitale ndi zinthu zopepuka.

Lamulo lalikulu ndi ili. Umenye mpira kuti udutse pamwamba pa ukonde ndi kugwa m'kati mwa mizere kumbali ya mnzako. Mnzakoyo aubweze usanagunde pansi kawiri. Amene walephera kubweza, kapena wamenyetsa mpira pa ukonde, kapena wauponya kunja kwa mzere, wapatsa mnzake pointi.

Kawerengedwe kake ndi kachilendo. Pointi yoyamba amati 15. Yachiwiri amati 30. Yachitatu amati 40. Ukapeza yachinayi, wapambana gemu imodzi. Koma nonse awiri mukafika pa 40, pamafunika mapointi awiri otsatizana. Magemu 6 amapanga seti imodzi, malinga wamusiya mnzako ndi magemu awiri. M'mipikisano ikuluikulu ya amuna, wopambana ndi amene wayamba kutenga maseti 3 mwa maseti 5.

Masewera amodzi angathe kutenga maola awiri, atatu, ngakhale asanu. Ukatopa palibe wolowa m'malo mwako. Nchifukwa chake tenisi imafuna miyendo yolimba, komanso mutu wodekha.

2. MIPIKISANO INAYI IKULUIKULU

Pali amuna amene tenisi ndiyo ntchito yawo. Amayenda dziko ndi dziko chaka chonse, ndipo amadyera raketi monga mlimi amadyera khasu. Mipikisano ilipo yambiri, koma inayi ndiyo imalemekezedwa koposa.

Woyamba ndi Australian Open. Umachitika mu Januwale mumzinda wa Melbourne, ku Australia, pa bwalo louma ngati simenti.

Wachiwiri ndi Roland Garros. Umachitika mu Meyi ndi Juni mumzinda wa Paris, ku France. Bwalo lake ndi lofiira chifukwa pamwamba pake amawazapo njerwa zopera.

Wachitatu ndi Wimbledon. Umachitika mu Juni ndi Julaye ku London, ku England, pa udzu wometa bwino. Uwu ndiwo wakale koposa, unayamba mu 1877. Osewera onse amavala zoyera.

Wachinayi ndi US Open. Umachitika mu Ogasiti ndi Seputembala mumzinda wa New York, ku America. Kuyambira mu 1978 amasewera pa bwalo louma, koma kale ankasewera pa udzu.

Mlimi amadziwa kuti nthaka ya kudambo ndi ya kumtunda salima mofanana. Wosewera tenisi naye amadziwa nthaka yake. Pa udzu mpira umaterereka, umathamanga ndipo sudumpha kwambiri. Pa dothi lofiira mpira umachedwa ndipo umadumpha m'mwamba. Alipo akatswiri amene anapambana pa udzu koma pa dothi analephera moyo wawo wonse.

Mumpikisano uliwonse mwa inayi imeneyi mumalowa amuna 128. Wogonja kamodzi watuluka. Kuti munthu atenge chikho, ayenera kugonjetsa amuna 7 motsatizana m'masabata awiri.

3. MWANA WA KU BROOK FIELD

Arthur Ashe anabadwa pa 10 Julaye 1943 mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia, ku America. Makolo ake akale anatengedwa ku Africa ngati akapolo. Ukapolo unatha ku America mu 1865, koma tsankho silinathe. M'zigawo za kumwera, malamulo ankalekanitsa anthu. Akuda anali ndi sukulu zawo, azungu zawo. M'basi akuda ankakhala kumbuyo. Ndi mabwalo a masewera omwe anali ogawa.

Amayi ake anamwalira mu 1950, iye ali ndi zaka 6. Bambo ake anali woyang'anira Brook Field, malo a masewera a anthu akuda a mu Richmond. Nyumba yawo inali pamalo pomwepo, ndipo pafupi ndi khomo panali mabwalo a tenisi. Arthur anali mwana wowonda kwambiri. Ali ndi zaka 7 anayamba kumenya mpira pamabwalo amenewa. Mnyamata wina wodziwa tenisi, Ronald Charity, anamuona nayamba kumuphunzitsa.

Pambuyo pake Charity anamutengera kwa Dokotala Robert Walter Johnson a mumzinda wa Lynchburg. A Johnson anali dokotala wakuda, ndipo anali ndi bwalo la tenisi kuseri kwa nyumba yawo. Chaka ndi chaka, nthawi ya tchuthi, ankasonkhanitsa ana akuda ndi kuwaphunzitsa. Ndiwo amenenso anathandiza Althea Gibson, mkazi wakuda amene anapambana ku Wimbledon mu 1957 ndi 1958.

A Johnson anali ndi malamulo okhwima. Mwana asakangane ndi woweruza. Asataye raketi pansi chifukwa cha mkwiyo. Mpira ukagwa pafupi ndi mzere ndipo pali chikayiko, aukhulupirire kuti wagwa m'kati, ngakhale zimenezo zithandize mnzake. Chifukwa chiyani? A Johnson ankadziwa kuti eni mipikisano akufuna chifukwa chothamangitsira ana akuda. Mwana mmodzi akalakwitsa, chitseko chikanatsekedwa kwa onse. Motero Arthur anaphunzira kubisa mkwiyo ndi kuganiza asanachite kanthu. Khalidwe limeneli anakhala nalo mpaka imfa.

Ku Richmond sankaloledwa kupikisana ndi anyamata achizungu. Mu 1960 anasamukira ku St. Louis, kumene anamaliza sukulu ya sekondale ndi kusewera momasuka. Anakhoza bwino m'kalasi ndi pabwalo pomwe. Yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inamutenga kuti aphunzire osalipira, ndipo anamaliza mu 1966. Mu 1963 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa m'timu ya America ya Davis Cup. Davis Cup ndi mpikisano wa maiko, mmene osewera amaimirira mbendera ya kwawo.

4. CHIKHO CHOPANDA NDALAMA

Chaka cha 1968 chisanafike, osewera tenisi anali m'magulu awiri. Gulu loyamba linali la osewera osalipidwa. Amenewa okha ndiwo ankaloledwa ku Wimbledon ndi kumipikisano ina ikuluikulu. Gulu lachiwiri linali la osewera olipidwa. Munthu akangovomera malipiro, zipata za mipikisano imeneyi zinkatsekeka kwa iye. Lamulo lotere linkakomera ana a anthu olemera, pakuti mwana wa mmphawi sangasewere chaka chonse popanda chakudya.

Mu 1968 lamulo linasintha. Magulu onse awiri analoledwa kupikisana pamodzi. Chaka chomwecho US Open yoyamba inachitika ku Forest Hills, mu New York. Nthawi imeneyo Ashe anali msilikali waudindo, ndipo anali adakali m'gulu la osalipidwa. Anafika masewera otsiriza, nakumana ndi Tom Okker wa ku Netherlands. Analimbana maseti onse asanu. Seti yoyamba yokha inatha 14-12. Ashe anapambana.

Mphoto ya wopambana inali madola 14,000. Koma Ashe sanaloledwe kuilandira. Ndalamazo zinapita kwa Okker, amene anagonja. Ashe analandira madola 20 patsiku a chakudya ndi malo ogona. Anapita kwawo ndi chikho, mnzake napita ndi ndalama.

Mu 1970 anapambananso Australian Open, imene chaka chimenecho inachitikira ku Sydney.

Ashe atalowa m'gulu la olipidwa, iye ndi anzake anaona kuti osewera alibe mawu. Amene ankakhetsa thukuta pabwalo ndi iwo, koma malamulo ndi ndalama zinali m'manja mwa akuluakulu a mabungwe ndi eni mipikisano. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mu 1972 osewera anakhazikitsa bungwe lawo, lotchedwa ATP. Ashe anali mmodzi wa oliyambitsa, ndipo mu 1974 anasankhidwa kukhala pulezidenti wake.

Bungweli linayesedwa msanga. Mu 1973 wosewera wa ku Yugoslavia, Nikola Pilić, anaimitsidwa ndi akuluakulu a tenisi a kwawo. Iwo anati anakana kusewera Davis Cup. Wimbledon inamuletsa kulowa. Anzake anaona kuti chilangocho sichinali cholungama. Osewera 81 anagwirizana kunyanyala Wimbledon chaka chimenecho, ndipo Ashe anali pakati pawo. Taganizani. Munthu amakonzekera mpikisano umenewu chaka chonse, koma anausiya chifukwa cha mnzake mmodzi. Kuyambira pamenepo eni mipikisano anayamba kumvera osewera. Lero ATP ndiyo imayendetsa mipikisano yambiri ya amuna olipidwa ndi kulemba mndandanda wa osewera potsata mphamvu zawo.

5. ASHE NDI AFRICA

Mu 1971 Ashe anayendera maiko angapo a mu Africa kukaonetsa tenisi. Ku Yaoundé, likulu la Cameroon, anaona mnyamata wa zaka 11 akumenya mpira mwaluso. Dzina lake linali Yannick Noah. Ashe anam'patsa raketi yake, nauza mkulu wa tenisi wa ku France za mwanayo. Noah anatengedwa kukaphunzira ku Nice. Mu 1983 anapambana Roland Garros atagonjetsa Mats Wilander wa ku Sweden. Chimenechi ndicho chikho chokha mwa zinayi chimene Ashe sanatenge posewera yekha.

Koma nkhani yovuta inali ya South Africa, dziko loyandikana nafe. Ambiri a ife tili ndi abale amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg, kumene timakutcha ku Joni. Iwo anauona ndi maso ulamuliro wa apartheid, umene unaika azungu pamwamba ndi akuda pansi pa chilichonse. Kumasewera nakonso kunali tsankho.

Kuyambira mu 1969 Ashe anapempha chilolezo cholowera m'dzikolo kuti akasewere mpikisano wa South African Open. Boma linamukana, kenaka linamukananso. Ashe sanakhale chete. Analankhula poyera kuti dziko losankha osewera potengera khungu lisaloledwe kupikisana ndi maiko ena. Mu 1970 South Africa inachotsedwa mu Davis Cup.

Mu 1973 boma la South Africa linamulola. Ashe anati abwera pokhapokha ngati oonerera akuda ndi azungu sadzalekanitsidwa pamipando. Mu Novembala anasewera ku Ellis Park, mu Johannesburg. Anafika masewera otsiriza koma anagonja kwa Jimmy Connors wa ku America. M'masewera a awiriawiri anatenga chikho pamodzi ndi Tom Okker. Anapitanso ku Soweto kukaphunzitsa ana.

Apa tiwerenge mosamala, chifukwa anthu akuda a ku South Africa sanagwirizane pa ulendo umenewu.

Ena anakondwera. Iwo anati ana athu aona munthu wakuda waufulu, wophunzira, akugonjetsa azungu pabwalo lawo lomwe. Mwana amene waona zimenezi sadzakhulupiriranso bodza lakuti wakuda ndi wotsika.

Ena anakwiya, makamaka ophunzira achinyamata, ndipo anamuuza pamaso. Iwo anati boma likumugwiritsa ntchito. Likufuna kuonetsa maiko akunja kuti zinthu zikusintha, pamene sizikusintha. Mlendo wakuda mmodzi wasewera ku Ellis Park, koma mawa iye akwera ndege, eni dziko natsala ndi mapasi awo ndi njala yawo. Anati chothandiza ndi chakuti osewera onse akunja aleke kubwera, kuti boma limve kuwawa kokhala lokha.

Ashe anamvetsera mbali zonse ziwiri. Anabwereranso ku South Africa kangapo m'zaka zotsatira. Pa 16 Juni 1976 apolisi anawombera ana a sukulu ku Soweto. Patapita nthawi Ashe anasintha maganizo ake, nayamba kuuza osewera anzake kuti asapite kukasewera kumeneko. Mu 1983 iye ndi woimba Harry Belafonte anatsogolera gulu la osewera ndi oimba okana apartheid. Mu Januwale 1985 anamangidwa pochita zionetsero kunja kwa ofesi ya kazembe wa South Africa ku Washington. A Nelson Mandela atatuluka m'ndende mu 1990, anakumana naye ku America chaka chomwecho.

6. TSIKU LA 5 JULAYE 1975

Tsopano tibwerere pabwalo. Mu 1975 Ashe anafika masewera otsiriza a Wimbledon. Anali ndi zaka 31, ndipo ambiri ankati nthawi yake yatha. Wolimbana naye anali Jimmy Connors yemwe uja, wa zaka 22. Connors ndiye anatenga chikho cha Wimbledon mu 1974. Mu 1975 anafika masewera otsiriza osataya seti ngakhale imodzi. Awiriwa sankamwerana madzi, pakuti Connors anali atasumira Ashe kubwalo la milandu pa mkangano wa za tenisi. Pafupifupi aliyense ankayembekeza kuti Connors apambana mosavuta.

Ashe ankadziwika ndi kumenya mpira mwamphamvu. Koma Connors ankakonda mpira wamphamvu. Ukamutumizira wothamanga, ankaubweza wothamanga koposa. Ashe anakhala pansi ndi anzake usiku woti mawa kuli masewera, naganizira za mdani wake. Anaona kuti Connors amavutika ndi mpira wofewa, wotsika, wobwera pang'onopang'ono. Mpira wotere ankayenera kuunyamula yekha kuti udutse ukonde, ndipo pamenepo ankalakwitsa.

M'mawa mwake Ashe anasiya kasewero kamene anakazolowera moyo wake wonse. Anatumiza mipira yofewa ndi yotsika. Poyamba pointi ankaponya mpira chakumbali kuti Connors atuluke m'bwalo. Connors akathamangira kufupi ndi ukonde, Ashe ankaukweza mpira kudutsa pamutu pake. Nthawi yopuma ankakhala pampando chete, maso ali otseka, pamene anthu zikwizikwi akuchita phokoso.

Seti yoyamba inatha 6-1. Yachiwiri inathanso 6-1. Oonerera anadabwa. Connors anadzuka natenga seti yachitatu 7-5, ndipo m'seti yachinayi anayamba kutsogola. Apa munthu wamantha akanabwerera ku kasewero kake kakale. Ashe sanasinthe. Anapitiriza ndi mipira yake yofewa, natenga setiyo 6-4. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpaka lero Arthur Ashe ndiye mwamuna wakuda yekhayo amene anapambana Wimbledon, US Open ndi Australian Open posewera yekha.

7. MATENDA NDI CHOLEMBERA

Mu 1979 Ashe anadwala mtima, nachitidwa opaleshoni. Mu 1980 analeka kupikisana. Anakhala mtsogoleri wa timu ya America ya Davis Cup, ndipo timuyo inatenga chikho mu 1981 ndi 1982.

Atasiya raketi anagwira cholembera. Anaona kuti mbiri ya osewera akuda a ku America sinalembedwe mokwanira. Anthu amene anatsegula njira ankaiwalika. Iye anagwira ntchito zaka zingapo kufufuza ndi kulemba, ndipo mu 1988 anatulutsa mabuku atatu otchedwa A Hard Road to Glory. Zimene zikanatayika ndi imfa ya okalamba tsopano zili papepala.

Mu 1983 anachitidwa opaleshoni yachiwiri ya mtima, ndipo anamuika magazi. Nthawi imeneyo njira yoyezera kachilombo ka HIV m'magazi inali isanapezeke. Ku America kuyeza magazi operekedwa kunayamba mu 1985. Madokotala anaona kuti Ashe anatenga kachilomboka kudzera m'magazi amenewo. Iye anadziwa za matenda ake mu 1988, koma anasunga chinsinsi pofuna kuteteza banja lake. Mu Epulo 1992 anamva kuti nyuzipepala ina ikufuna kulemba nkhaniyo. Pa 8 Epulo anaima pamaso pa atolankhani nanena yekha kuti ali ndi Edzi, imene kuno timaitchanso SIDA.

Masiku amenewo odwala Edzi ankasalidwa kwambiri. Ashe anagwiritsa ntchito miyezi imene inam'tsalira kuphunzitsa anthu za matendawa. Pa 1 Disembala 1992 analankhula ku United Nations. Anamwalira pa 6 Febuluwale 1993 ku New York, ali ndi zaka 49. Sanaone chisankho cha 1994, pamene anthu onse a ku South Africa anavota pamodzi koyamba.

8. DZINA PACHIPATA

Mu 1996 mzinda wa Richmond unaimika chifaniziro chake pamsewu waukulu wa Monument Avenue. M'dzanja limodzi ali ndi raketi, m'dzanja lina ali ndi mabuku, ndipo mabukuwo ali pamwamba kuposa raketi. Pamapazi pake pali ana.

Mu 1997 ku Flushing Meadows, mu New York, anatsegula bwalo latsopano la US Open. Analitcha Arthur Ashe Stadium. Mumalowa anthu oposa 23,000. Masewera otsiriza a US Open amachitikira m'menemo chaka ndi chaka. Ku Soweto nakonso kuli mabwalo a tenisi otchedwa ndi dzina lake.

Komabe amuna akuda amene anatenga chimodzi mwa zikho zinayi zija posewera okha ndi awiri basi: Ashe ndi Noah. Malamulo a tsankho anachotsedwa, koma tenisi idakali masewera odula. Raketi, mipira, nsapato, mphunzitsi ndi maulendo, zonse zimafuna ndalama. Chipata chimene chinatsekedwa ndi khungu chinatsegulidwa. Chipata chotsekedwa ndi umphawi chidakali chovuta kwa ana ambiri a mu Africa. Nkhani imeneyi tiikambirane.

MAWU ATSOPANO

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope athu.

tenisi: te-ni-si
raketi: ra-ke-ti
ukonde: u-ko-nde
mpikisano: mpi-ki-sa-no
tsankho: tsa-nkho
kunyanyala: ku-nya-nya-la
chilolezo: chi-lo-le-zo

MAFUNSO A ZIMENE TAWERENGA

1. Tchulani mizinda inayi kumene kumachitikira mipikisano ikuluikulu ya tenisi.
2. Mpira umayenda bwanji pa udzu? Nanga pa dothi lofiira?
3. Chifukwa chiyani Dokotala Johnson ankaletsa ana kukangana ndi woweruza?
4. Ndani analandira madola 14,000 mu 1968? Chifukwa chiyani?
5. Osewera 81 anachita chiyani mu 1973?
6. Ashe anagonjetsa bwanji Connors mu 1975?

TIYENI TIKAMBIRANE

Tigawane m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe mlembi. Amayi alankhule, abambo alankhule, achinyamata alankhule.

1. Ashe anapita ku South Africa mu 1973. Ena anati anachita bwino, ena anati analakwa. Inu muli mbali iti? Perekani zifukwa ziwiri. Ngati pakati pathu pali amene anakagwira ntchito ku Joni, atiuze zimene anaona.
2. Ashe anasintha maganizo ake atamvera anthu amene anamutsutsa. Kodi mtsogoleri akasintha maganizo, ndiye kuti wafooka?
3. Malamulo a Dokotala Johnson anathandiza ana kulowa m'mipikisano. Koma mwana ankayenera kupirira zosalungama ali chete. Kodi kukhala chete ndi nzeru nthawi zonse? Ndi liti pamene munthu ayenera kulankhula?
4. Osewera anapeza mawu atapanga bungwe. Pogulitsa chimanga, fodya kapena mbatata zathu, kodi mtengo amaika ndani?
5. Pachifaniziro cha ku Richmond, mabuku ali pamwamba kuposa raketi. Wosema anafuna kunena chiyani?

TIYENI TIWERENGETSERE

1. Amuna 128 alowa mumpikisano. Pa ndime iliyonse theka limatuluka. Malizani mzere uwu: 128, 64, 32, ..., ..., ..., ..., 1.
2. Ashe anabadwa mu 1943. Bwalo la dzina lake linatsegulidwa mu 1997. Panapita zaka zingati?
3. Ashe ankalandira madola 20 patsiku. Pa masiku 14 akanalandira madola angati? Chotsani ndalama zimenezi pa 14,000.
4. Ku Wimbledon mu 1975 maseti anatha motere: 6-1, 6-1, 5-7, 6-4. Nambala yoyamba ndi ya Ashe, yachiwiri ndi ya Connors. Aliyense anapeza magemu angati onse pamodzi?
5. Wimbledon inayamba mu 1877. Inali ndi zaka zingati pamene Ashe anapambana?

NTCHITO YOLEMBA

Ashe analemba mbiri ya anthu amene anatsala pang'ono kuiwalika. M'mudzi mwathu alipo anthu otere: wothamanga wotchuka, katswiri wa ng'oma, mzamba amene anabadwitsa theka la mudzi, munthu amene anakumba chitsime choyamba. Sankhani mmodzi. Funsani akuluakulu za iye. Lembani ziganizo zisanu: dzina lake, kumene anabadwira, zimene anachita, zovuta zimene anakumana nazo, ndi chifukwa chake tiyenera kumukumbukira.

Mubwere nazo tsiku la phunziro lotsatira. Aliyense adzawerenga zake mokweza, ndipo tidzasoka mapepala onse pamodzi kuti akhale buku la kalasi yathu.